Nyimbo Ngati Mboni pa Phunziro la Mbiri: Tsankho la ku South Africa ndi Dzina la Nelson Mandela

Kuyambira m'chaka cha 1964 mpaka m'chaka cha 1990, anthu ochuluka a ku South Africa sadaone nkhope ya Nelson Mandela. Lamulo lidaletsa kusindikiza chithunzi cha mkaidi, ndiponso lidaletsa nyuzipepala kubwereza mau a munthu amene boma lidamtseka pakamwa. Mwana wobadwa chaka chimene Mandela adamgamula kuti akakhale m'ndende moyo wake wonse adakula, nakwatira, nabereka ana ake, asanaonepo chithunzi chatsopano cha munthuyo. Komabe dzina lake ankalidziŵa. Kodi dzinalo lidayenda bwanji m'dziko lotsekedwa chotere? Ili ndi funso labwino loyambira phunziro, ndipo mbali yaikulu ya yankho lake ili m'nyimbo.

Ambiri a inu mudzakumana ndi mutu wa tsankho la ku South Africa, kaya pa phunziro la Mbiri kaya pokamba za ufulu wa anthu. Chimene timaona kaŵirikaŵiri poyendera ophunzira athu m'masukulu nchakuti mutuwu umasanduka mndandanda wa zaka pa bolodi: 1948, 1960, 1976, 1990, 1994. Ana amakopera, amaloŵeza, ndipo mayeso akatha amaiŵala. Aphunzitsi ena, pofuna kukometsa phunziro, amayamba ndi nyimbo kuti ana achangamuke, kenaka nkuizimitsa ndi kubwerera ku mndandanda uja. Kuteroko kuli ngati kuitana mboni ku bwalo la milandu, kuipatsa mpando, koma osaifunsa kanthu. M'nkhani ino ndifuna kuonetsa kuti nyimbo ndi mboni ya zimene zidachitika, ndi kuti mboni imafunsidwa: udali kuti, udaona chiyani, ukuuza yani, ndipo nchiyani chimene wasiya osanena.

Zoyenera kudziŵa musanaloŵe m'kalasi

Chipani cha National Party chidatenga boma m'chaka cha 1948 pa chisankho chimene anthu akuda ochuluka sadaloledwe kuvota. Tsankho silidayambe chaka chimenecho ai, pakuti lamulo la malo la 1913 lidali litatsekereza kale anthu akuda ku kachigawo kochepa ka dziko lawo. Chatsopano chidali chakuti tsankholo lidalembedwa m'malamulo okhudza moyo wonse wa munthu, ndipo lidapatsidwa dzina lakuti apartheid, ndiye kuti kukhala mopatukana. M'chaka cha 1950 boma lidalamula kuti munthu aliyense alembedwe m'kaundula malinga ndi mtundu wake, ndi kuti mtundu uliwonse ukhale ku dera lake. Munthu wakuda ankayenda ndi chitupa kulikonse, ndipo akapezeka alibe ankamangidwa. M'chaka cha 1953 kudabwera lamulo la Bantu Education, limene cholinga chake chidali kupatsa mwana wakuda maphunziro omkonzekeretsa kukhala wantchito wa ena. Ife aphunzitsi tiyenera kulikumbukira lamulo limeneli, chifukwa lidasandutsa kalasi kukhala chida cha tsankho.

Nkoyeneranso kudziŵa kuti nyimbo yotchuka koposa pa nkhondo imeneyi idapekedwa ndi mphunzitsi. Enoch Sontonga, amene ankaphunzitsa pa sukulu ya mishoni ya Methodist pafupi ndi Johannesburg, adapeka Nkosi Sikelel' iAfrika m'Chixhosa m'chaka cha 1897. Idali pemphero, osati nyimbo ya ndale. Koma m'chaka cha 1925 chipani cha African National Congress chidaitenga kuti ikhale yotsekera misonkhano yake, ndipo kuyambira pamenepo pempherolo lidasenza katundu wina. Maimbidwe ake ndiwo timamva m'nyimbo za fuko za Zambia ndi Tanzania. Apa pali phunziro loyamba kwa ana: tanthauzo la nyimbo silikhala m'mau okha, koma limadaliranso amene akuimba, malo ake ndi nyengo yake.

Nyimbo ya nkhope ziŵiri

Sophiatown lidali dera la mu Johannesburg, limodzi la malo oŵerengeka a m'tauni kumene munthu wakuda ankatha kugula malo nkumanga nyumba yakeyake. Kudali kothithikana, kudali umphaŵi ndi zigaŵenga, komanso kudali oimba, olemba nkhani ndi atsogoleri a ndale. Pa 9 February 1955 apolisi okwana 2,000 adafika m'mamaŵa ndi malole nayamba kusamutsa anthu kupita nawo ku Meadowlands, dera la ku Soweto. Nyumba zidagwetsedwa, ndipo pamalopo padamangidwa dera la azungu limene adalitcha Triomf, ndiye kuti chigonjetso.

M'chaka cha 1956 Strike Vilakazi adapeka nyimbo yotchedwa Meadowlands, ndipo Nancy Jacobs ndi gulu lake adaijambula pa mbale ya galamafoni. Ndi nyimbo yachimwemwe m'mamvekedwe ake, yoti munthu nkuvina. Akuluakulu a boma adaimva ngati yovomereza msamukowo, popeza ndime zina zimaoneka ngati zikuyamikira malo atsopano aja. Koma eniake osamutsidwawo ankadziŵa kuti nyimboyo ikungobwereza monyodola zimene azungu ankafuna kuti iwo anene, ndipo ankaiimba katundu wawo akukwezedwa m'malole.

Pa nyimbo zonse zimene nditchule, iyi ndiyo ndimaikonda pophunzitsa, chifukwa imaphunzitsa mwana luso limene adzalifuna moyo wake wonse, luso lomva zimene munthu akunena kuseri kwa mau ake. Ndipo ana athu salisoŵa luso limeneli. Amadziŵa nyimbo za pamtondo, m'mene mai wodandaula ndi apongozi kapena ndi mwamuna wake amaimba ngati akunena za mbalame kapena za mtengo, koma mudzi wonse nkumva kumene muvi waloza. Muyambire pamenepo. Afunseni ana chifukwa chimene maiyo sanenera dandaulo lake poyera. Akayankha kuti amaopa, afunseni chimene anthu a ku Sophiatown ankaopa. Mudzaona kuti malamulo a tsankho amene mudalemba pa bolodi aja ayamba kutuluka m'kamwa mwa ana eniake, ngati mayankho a funso limene iwo akufuna kulimasula.

Sikuti nyimbo zonse zidali zophiphiritsa. Vuyisile Mini, mtsogoleri wa bungwe la apantchito ku Port Elizabeth, munthu wa liu lalikulu la besi, adapeka nyimbo yochenjeza Hendrik Verwoerd pomtchula dzina, Verwoerd amene adayendetsa lamulo la Bantu Education nakhala nduna yaikulu kuyambira 1958 mpaka 1966. Mini adamangidwa pa mlandu woononga katundu ndi wokhudzidwa ndi imfa ya munthu amene ankamganizira kuti ndi kazitape wa apolisi. Adanyongedwa ku Pretoria pa 6 November 1964 pamodzi ndi Wilson Khayinga ndi Zinakile Mkaba. Mkaidi wina wa m'ndende yomweyo, Ben Turok, adalemba pambuyo pake kuti atatuwo adapita kokanyongedwa akuimba. Mukaika nyimbo ya Vilakazi ndi ya Mini pamodzi, ana adzaona okha njira ziŵiri zolankhulira kwa wolamula wankhanza, ndiponso mtengo wa njira iliyonse.

Sitima ya ku migodi

Pa 21 March 1960 apolisi adaombera anthu ochita chionetsero chokana zitupa ku Sharpeville napha anthu 69. Mwezi wotsatira boma lidaletsa zipani za ANC ndi PAC. Oimba ambiri adapezeka ali kunja kwa dziko lawo. Miriam Makeba, amene adachoka m'chaka cha 1959, adazindikira kuti chiphaso chake chathetsedwa pamene ankafuna kubwerera kukaika maliro a mai ake m'chaka cha 1960. M'chaka cha 1963 adakalankhula za tsankho ku bungwe la United Nations, ndipo kwawo adakapondako patapita zaka zoposa 30, m'chaka cha 1990. Hugh Masekela, woliza lipenga, adachoka m'chaka cha 1960. Lipenga lake loyamba adampatsa ndi wansembe wa Anglican wa ku Sophiatown konkuja, Bambo Trevor Huddleston.

Nyimbo ya Masekela yotchedwa Stimela, ya m'chaka cha 1974, imanena za sitima ya malasha yonyamula amuna kuchokera ku maiko oyandikana kupita nawo ku migodi ya golide ya ku Johannesburg, ndipo pakati pa maiko amene amaŵatchula pali Malaŵi, Zambia ndi Mozambique. Apa nkhani ya ku South Africa imafika pakhomo pathu. Amuna ambirimbiri a kuno adapita ku Joni kudzera ku Wenela, imene pambuyo pake idadziŵika ndi dzina la Theba. Chaka chomwecho cha 1974, mwezi wa April, ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana nipha Amalaŵi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, ndipo boma la Malaŵi lidaimitsa kulemba anthu opita ku migodi. Sikwachilendo kupeza m'kalasi mwana amene agogo ake adagwirapo ntchito ku migodiko. Mwana ameneyo ali ndi buku la Mbiri kunyumba kwawo, ndipo buku lake limalankhula.

Dzina loletsedwa

Tsopano tibwere kwa Mandela. Adabadwa pa 18 July 1918 ku Mvezo, m'chigawo cha Transkei, ndipo adagwira ntchito ya uloya ku Johannesburg pamodzi ndi Oliver Tambo. Chipani chake chitaletsedwa, iye adali mmodzi wa oyambitsa gulu lankhondo la Umkhonto we Sizwe m'chaka cha 1961. Adagwidwa pa 5 August 1962, ndipo pa 12 June 1964, pa mlandu wa Rivonia, adamgamula kuti akhale m'ndende moyo wake wonse. Adakhala zaka 18 pa chilumba cha Robben Island, kenaka adamsamutsira ku Pollsmoor m'chaka cha 1982, ndi ku Victor Verster m'chaka cha 1988.

Cholinga cha boma chidali chakuti munthuyu aiŵalike, ndipo kwa zaka zingapo zidaoneka ngati zatheka. Zinthu zidatembenuka ana a sukulu a ku Soweto atagubira mumseu pa 16 June 1976 pokana kuphunzira m'Chiafrikaans, apolisi nkuŵaombera. M'chaka cha 1980 mkonzi wa nyuzipepala ya Sunday Post, Percy Qoboza, adayambitsa mfuu yopempha kuti Mandela atulutsidwe. Kuyambira pamenepo dzina lija lidayamba kuyenda, ndipo galimoto lake lidali nyimbo.

Boma lidayesa kutseka njira imeneyi. Ku nyumba youlutsira mau ya boma, SABC, ankakanda mbale za galamafoni ndi chitsulo chosongoka pamalo pamene pali nyimbo yoletsedwa, kuti muulutsi asaiike ngakhale mwangozi. Koma mbale itha kukandidwa, pamene nyimbo yoloŵa m'mutu mwa munthu ilibe pokanda. Anthu ankaimba pa maliro, m'mabasi ndi m'misonkhano ya apantchito. Ena ankatchera mobisa Radio Freedom, wailesi ya ANC, imene inkaulutsa mau kuchokera ku Lusaka ndi ku mizinda ina ya mu Africa. Oimba a m'dzikomo adabwerera ku nzeru ya Vilakazi ija. M'chaka cha 1987 Chicco Twala adatulutsa nyimbo yovina yonena za munthu wosoŵa wotchedwa Manelow, ndipo omvera ake ankadziŵa bwino dzina limene labisika pamenepo.

Kunja kwa dziko kudalibe chifukwa chobisa. Jerry Dammers wa ku Britain, amene sankadziŵa zambiri za Mandela kufikira atapita ku msonkhano wa zoimbaimba ku London m'chaka cha 1983, adapeka nyimbo yopempha kuti Mandela amasulidwe. Gulu lake la The Special AKA lidaitulutsa m'chaka cha 1984, ndipo idafika pa nambala 9 pa mndandanda wa nyimbo zogulidwa kwambiri ku Britain. Masekela naye, atalandira khadi lomfunira zabwino pa tsiku lake lobadwa lochokera kwa Mandela ku Pollsmoor m'chaka cha 1985, adapeka Bring Him Back Home, imene idatuluka m'chaka cha 1987. Pa 11 June 1988 padachitika chiimbo chachikulu pa bwalo la Wembley ku London chokumbukira kuti Mandela akukwanitsa zaka 70, ndipo chidaulutsidwa m'maiko 67. Bungwe lothana ndi tsankho la ku Britain, limene lidathandiza kukonza chiimbocho, mtsogoleri wake adali Huddleston yemwe uja wa lipenga.

Koma nyimbo imene ndikukulangizani kuti muigwiritse ntchito pa gawo lino ndi Asimbonanga, ya Johnny Clegg ndi gulu lake la Savuka, ya m'chaka cha 1987. Zifukwa zilipo zingapo. Clegg adali mzungu woimba m'Chizulu ndi m'Chingerezi pamodzi ndi anzake akuda, pa nthaŵi imene kungoima pa nsanja imodzi kudali kunyoza tsankho. Nyimboyo idatuluka dziko lili pansi pa malamulo a nyengo ya chipwirikiti, ndipo idaletsedwa. Dzina lake limatanthauza kuti sitidamuone, ndiye kuti ikunena za chinthu chomwe chija tayamba nacho, nkhope yobisidwa. Ana athu angathe kulimasula okha dzinali mukaŵaonetsa kuti tsinde lakuti bona la m'Chizulu ndi mbale wake wa ona wathu, monga momwe stimela aliri mbale wa sitima. Chachikulu koposa nchakuti nyimboyi siitchula Mandela yekha. Imaitananso Steve Biko, amene adafera m'manja mwa apolisi m'chaka cha 1977, Neil Aggett, dokotala wachizungu wa m'bungwe la apantchito amene adafera m'chitokosi m'chaka cha 1982, ndi Victoria Mxenge, loya wamkazi amene adaphedwa pakhomo pake ku Durban m'chaka cha 1985. Mandela adatuluka anthu nkumuona. Atatu aŵa sadaonekenso.

Zimene mboni siidanene

Apa ndipo mphunzitsi ayenera kuchenjera. Nyimbo yotamanda munthu imasankha zoti ikumbukire. Siinama, koma siinenanso zonse. Mwana amene wangomva nyimbo za 1984 mpaka 1988 adzaganiza kuti nkhondo yonse ya tsankho idali ya munthu mmodzi, ndi kuti azungu adamtulutsa chifukwa choimbiridwa nyimbo. Zonse ziŵirizi si zoona.

Mutu umodzi susenza denga. Pa mlandu wa Rivonia adagamulidwa anthu 8, ndipo pakati pawo padali Walter Sisulu, Govan Mbeki, Ahmed Kathrada ndi Denis Goldberg. Robert Sobukwe wa PAC, amene adaitanitsa chionetsero chokana zitupa cha 1960, adasungidwa yekhayekha pa Robben Island kuyambira 1963 mpaka 1969. Amai okwana 20,000 adagubira ku likulu la boma ku Pretoria pa 9 August 1956, motsogozedwa ndi Lilian Ngoyi, Helen Joseph ndi anzawo. Kukweza dzina limodzi pamwamba pa onse kudali nzeru ya ndale yochita kukonza, chifukwa anthu a kutali samvera chisoni chiŵerengero, amamvera chisoni munthu. Mandela mwini adavomereza m'buku lake la Long Walk to Freedom kuti ena mwa akaidi anzake sadakondwe nayo nzeruyi. Ine ndiona kuti idali nzeru yabwino pa nthaŵi yake, koma m'kalasi ntchito yathu ndi yobwezera maina enawo pamalo pake.

Kunena za kutulutsidwa kwake, zifukwa zidali zambiri ndiponso zolemera kuposa nyimbo: kuukira kwa anthu m'madera a anthu akuda kuyambira 1984, kunyanyala ntchito kwa a m'migodi m'chaka cha 1987, mabanki a kunja kukana kukongoza boma kuyambira 1985, lamulo la ku America la 1986 loletsa malonda ena ndi South Africa, nkhondo ya ku Angola, ndi kugwa kwa khoma la Berlin m'chaka cha 1989, kumene kudachotsera boma chonamizira chake chakuti likulimbana ndi chikomyunizimu. F. W. de Klerk adachotsa chiletso pa zipani pa 2 February 1990, ndipo Mandela adatuluka pa 11 February. Nanga nyimbo zidachitapo chiyani? Zidasunga dzina, zidalimbitsa mtima anthu oguba ndi oika maliro, ndipo zidafikitsa nkhaniyo kwa achinyamata a kunja amene sakadaŵerenga malipoti a United Nations. Imeneyi si ntchito yochepa, koma si ndiyo idatembenuza kiyi. Funso lakuti nyimbo zidamasula Mandela kapena ai ndi mutu wabwino wa mtsutso m'kalasi, malinga mbali zonse ziŵiri zipatsidwe mfundo zokwanira.

Chinanso chimene nyimbo zokumbukira zimakonda kuchifeŵetsa ndi nkhani ya nkhondo. Ana ambiri amadziŵa Mandela wa imvi, womwetulira, wokhululukira adani, amene adalandira mphotho ya Nobel pamodzi ndi de Klerk m'chaka cha 1993. Ameneyo ndi woona. Koma ndi munthu yemweyo amene m'chaka cha 1961 adatsimikiza kuti zionetsero zamtendere zalephera, ndi yemweyo amene m'chaka cha 1985 adakana ufulu umene P. W. Botha adamlonjeza ngati atanena kuti wasiya njira ya zida. Mukabisa zimenezi, ana sadzamvetsa chimene adakhalira m'ndende zaka 27, ndipo kukhululuka kwake kudzaoneka ngati kufatsa chabe kwa munthu wokalamba.

Nyimbo yomweyo, nyengo ina

Mandela adalumbiritsidwa kukhala mtsogoleri wa dziko pa 10 May 1994 ndipo adatula udindo m'chaka cha 1999. Chaka chomwecho, Clegg akuimba Asimbonanga ku Frankfurt m'dziko la Germany, Mandela adatulukira pa nsanja akuvina. Nyimbo yonena kuti sitidamuone idaimbidwa mwiniwake ali pomwepo, aliyense akumuona. Atamwalira pa 5 December 2013, ali ndi zaka 95, nyimbo yomweyo idasanduka ya maliro. Masiku ochepa asanaikidwe ku Qunu pa 15 December, a Soweto Gospel Choir adaiimba modzidzimutsa ogula m'sitolo ina ya Woolworths, ndipo chithunzi chake chidafalikira pa intaneti.

Mau ngomwewo, koma m'chaka cha 1987 adali chitsutso, m'chaka cha 1999 chikondwerero, ndipo m'chaka cha 2013 maliro. Ana a makalasi okulirapo mungaŵafunsenso ngati nyimbo imene kale idali yoletsedwa imataya kanthu ikayamba kuimbidwa pakati pa mashelefu a sitolo. Musaŵapatse yankho, pakuti ngakhale akuluakulu sagwirizana pa nkhaniyi.

Kakonzedwe ka phunziro

Nyimbo imodzi sachezera gule, komanso nyimbo 6 pa phunziro limodzi ndi phokoso chabe. Ziŵiri nzokwanira pa mphindi 40, ndipo zikhale zosiyana, monga Meadowlands ndi Asimbonanga. Mvetserani nokha kunyumba kangapo, ndipo mufufuze tanthauzo la ndime iliyonse kwa munthu wodziŵa chilankhulocho kapena m'buku lodalirika. Nyimbo zina za nthaŵi imeneyo nza nkhondo ndipo zimanena za kupha. Zimenezo si za ana. Ngati sukulu ilibe magetsi, foni ya m'manja ndi kasipika kakang'ono nzokwanira, koma muyesere kalasi lili lopanda anthu, mutaima kumbuyo kwenikweni, kuti muone ngati mau akufika.

Lembani pa bolodi dzina la nyimbo, wopeka ndi chaka, basi. Musafotokoze kanthu. Ikani nyimbo kwa mphindi 2, kenaka funsani ana kuti akumva ngati oimbawo ngokondwa kapena ngachisoni. Pa Meadowlands ambiri adzati ngokondwa, ndipo yankho limeneli ndilo mukulifuna. Tsopano afotokozereni za malole a pa 9 February 1955, muikenso nyimboyo, ndi kufunsa funso lomwe lija. Kusiyana kwa yankho loyamba ndi lachiŵiri ndiye mtima wa phunziro lanu, tsono musakuthamangire. Lekani ana adabwe.

Pambuyo pake gaŵani ana m'magulu, gulu lililonse lifunse nyimbo mafunso a mboni aja. Adaipeka ndani, ndipo adali m'dziko kapena kunja? Chidali chitangochitika nchiyani? Ankafuna kuti amve ndani, ndipo ankaopa kuti amva ndani? Ndani kapena nchiyani chimene nyimboyi siikutchula? Funso lotsirizali ndilo lovuta, ndipo ana sadzaliyankha ngati simudaŵapatse kapepala ka mfundo zochepa zonena za anthu ndi zochitika za nthaŵiyo. Mndandanda wa zaka uja ubwere pa mapeto, ana eniake akuika nyimbo iliyonse pa chaka chake pa mzere wojambulidwa pa bolodi. Poyesa ngati amva, musaŵafunse chaka chimene Sophiatown idagwetsedwa chokha. Afunseni kuti alembe ziganizo 5 zofotokoza chifukwa chimene wapolisi ndi wosamutsidwa ankamvera zinthu zosiyana m'nyimbo imodzi.

Ntchito ya kunyumba ikhale yofunsa akuluakulu. Amene ali ndi agogo kapena mnansi amene adapita ku Wenela akafunse za ulendo, za chitupa, za malo ogona a ku mgodi, ndi za nyimbo zimene ankaimba pansi pa nthaka. Aphunzitseni ana kupempha chilolezo mwaulemu, ndi kulemekeza mkulu amene safuna kukamba, pakuti ena adabwerako ndi chifuwa kapena adasiya anzawo kumeneko.

Konzekeraninso funso limodzi limene mwana wochenjera adzafunsa: nanga Malaŵi adali mbali iti? Muyankhe zoona. Boma la Dr. Kamuzu Banda lidakhazikitsa ubale wa ukazembe ndi boma la Pretoria m'chaka cha 1967, pamene maiko ena a anthu akuda ankakana, ndipo Dr. Banda adakacheza ku South Africa m'chaka cha 1971. Boma la South Africa lidathandiza ndi ngongole yomangira likulu latsopano ku Lilongwe. Zambia idatsata njira ina: idasunga likulu la ANC ku Lusaka, ndipo idavutika nazo. Fotokozani zifukwa zimene mbali iliyonse inkapereka, monga kusoŵa doko, ndalama zochokera ku migodi ndi chikhulupiriro cha Dr. Banda chakuti kukambirana kuposa kusalana, kenaka ana akambirane. Chimene muyenera kupeŵa ndi kulola kuti kukambiranako kusanduke mkangano wa zipani za kuno. Ukangoyamba kupendekera kumeneko, bwererani ku bolodi, lozani chaka cha 1974, ndipo afunseni ana chifukwa chimene dzina la Malaŵi likupezekera m'nyimbo ya Masekela.